Kamakina koyezera shuga kaja nkodalirika?

Achimwene a kwa Kamwendo mwafunsa ngati kamakina koyezera shuga pakhomo kamanena zoona, poti manambala a mayi akumasinthasintha. Eya kamathandiza ndithu, koma sikafanana ndendende ndi ku labu. Ngakhale kabwino kamatha kuphonya ndi 15 peresenti, shuga wa 200 katha kuonetsa 170 kapena 230, musadandaule.

Choyamba asambe m'manja ndi sopo nkupukuta muume, makamaka nyengo ya mango, timadzi ta mango pachala timakweza nambala zedi. Kenako onani deti pabotolo la masitiripi (timapepala toikapo magazi tija), akadutsa tayani basi, botololo muzitseka msanga osalisiya pawindo chifukwa dzuwa ndi chinyezi zimawaononga. Bayani m'mbali mwa chala, osafinya mwamphamvu.

Nambala ikadabwitsa bwerezani ndi sitiripi ina. Munthu akachepa magazi kamakina kamatha kuonetsa shuga wokwera kuposa weniweni, ndiye tsiku la sikelo yawo ya shuga pa Mchinji boma mutenge kamakinako madokotala akayerekeze ndi zawo. Koma nambala ikatsika kuchepera 70 (makina ena amalemba 3.9) uku akunjenjemera ndi kutuluka thukuta, amwetseni madzi a shuga pompo ngati akutha kumeza, kenako muthamangire nawo kuchipatala.