Musanaloweze mafomula a fluid mechanics, tengani ndowa

Ophunzira anga a uinjiniya amafika m'kalasi ya fluid mechanics (phunziro la mmene madzi ndi mpweya zimakhalira ndi kuyendera) ataloweza kale mafomula, koma ndikawafunsa chifukwa chimene mpopi umangodontha madzi pamene thanki ili yodzaza, amangoyang'anana. Ndiye sabata yoyamba ndimawatuma kukatenga ndowa ya malita 20, tepi yoyezera ndi foni yokhala ndi wotchi. Nanunso chitani chimodzimodzi, ndipo mulembe nambala iliyonse m'kope.

Yambani ndi madzi ongokhala. Pezani thanki yokwezedwa m'mwamba, ngati zija za pa sukulu kapena pa chipatala, muyeze kutalika kuchokera pa mpopi mpaka pamene madzi alekeza m'thankimo. Tinene kuti mwapeza mamita 6. Mpopi uli wotseka, pulesha yake ndi P = ρgh. Madzi amalemera makilogalamu 1000 pa kiyubiki mita imodzi (imeneyo ndiye ρ), g, mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, ndi 9.81, h ndi kutalika kuja, ndiye 1000 × 9.81 × 6 ikutipatsa 58,860 Pa (pascal, muyezo wa pulesha), pafupifupi 59 kPa. Taonani kuti kukula kwa thanki sikunalowe m'masamuwa. Thanki ya malita 500 ndi ya malita 10,000 zimapereka pulesha yofanana ngati madzi alekeza pa msinkhu umodzi. Ambiri amakana zimenezi mpaka ataona okha pa geji.

Sungani pamtima kuti mamita 10 a madzi ndi pafupifupi bar imodzi (100 kPa). Mpweya wotizungulira umakankha ndi 101.3 kPa pamalo ofanana ndi nyanja yamchere, choncho pampu yoyamwa kuchokera pamwamba singakweze madzi kupitirira mamita 10.3, ndipo pa ntchito yeniyeni imalephera isanafike pamenepo. N'chifukwa chake silinda ya mjigo wa Afridev imatsitsidwa pansi m'madzi momwemo.

Tsopano tsegulani mpopi mpaka kumapeto, muwerenge nthawi. Ndowa ikadzaza pa masekondi 40, ndiye kuti akutuluka malita 0.5 pa sekondi, kapena Q = 0.0005 m³/s. Yezani m'kati mwa paipi, osati kunja kwake. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa nambala yolembedwa pa paipi ya pulasitiki nthawi zambiri imakhala ya kunja. M'kati mukakhala mamilimita 25, A, kukula kwa malo odutsa madzi m'paipimo, ndi 0.000491 m², ndipo popeza Q = AV, liwiro la madzi, V, ndi 1.02 m/s. Sinthani mamilimita kukhala mamita musanagwire kalikyuleta. Ndachongapo mayeso ambiri amene njira inali yolondola, yankho n'kusokonekera pa chinthu chimodzi chimenechi.

Lamulo la Q = AV mumalidziwa kale kuchokera kudimba. Mukatseka kukamwa kwa paipi yothirira ndi chala, malo otulukira amachepa, madzi n'kuthamanga kwambiri.

Daniel Bernoulli analemba za mphamvu ya madzi oyenda m'buku lake la Hydrodynamica mu 1738. Langizo langa n'lakuti fomula yake muziilemba m'mamita nthawi zonse: P/ρg + V²/2g + z, pamene z ndi msinkhu wa malo amene madziwo ali. Akatswiri amatcha zimenezi head. Ikakhala m'mamita mumatha kuiona ndi maso, ngati msinkhu wa madzi m'chubu choimika. Madzi anu anyamuka m'thanki ndi head ya mamita 6. Liwiro la 1.02 m/s lija likungotenga mamita 0.053 okha. Nanga otsalawo apita kuti? Funso limenelo ndiye phunziro lonse la mapaipi.

Atha chifukwa cha kukhuzana kwa madzi ndi khoma la paipi, komanso m'makona, m'mavavu ndi mumpopi. Kuti mudziwe kuchuluka kwake, pezani kaye mmene madziwo akuyendera. Mu 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds anathira kamzere ka utoto m'madzi oyenda m'chubu cha galasi. Madzi akamayenda pang'onopang'ono utotowo unkawongoka ngati ulusi, liwiro likakwera unkabalalika. Nambala yake ndi Re = VD/ν, pamene D ndi muyezo wa m'kati mwa paipi uja, ndipo ν (kunanda kwa madzi) ya madzi a 20 °C ndi pafupifupi 0.000001 m²/s. Yathu ikutuluka 25,500. Pansi pa 2300 madzi amayenda mwabata, laminar. Pamwamba pa 4000 amayenda mowinduka, turbulent. Pafupifupi mapaipi onse a m'nyumba amene mudzakumane nawo ali m'gulu lachiwirili.

Mukatero tsegulani tchati cha Moody, cha mu 1944, mupeze f, nambala yosonyeza kukhuzana kwa madzi ndi khoma la paipi. Pa paipi yosalala ya PVC ndi Re imeneyi, f ndi pafupifupi 0.025. Ngati paipi ndi yotalika mamita 50 (imeneyo ndiye L), fomula ya Darcy-Weisbach yopezera head yotayika, hf = f × L/D × V²/2g, ikutipatsa 0.025 × 2000 × 0.053, amene ndi mamita 2.65. Pafupifupi theka la head yathu lathera m'paipi yowongoka yokha. Masamu omwewa ndi amene amagwira ntchito pokankha madzi a mumzinda wa Blantyre kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, chitunda cha mamita pafupifupi 800, kumene mita iliyonse yotayika imalipiridwa ndi magetsi.

Tsopano bwerezani zonse ndi paipi ya mamilimita 32 m'kati, Q ikhale yomweyo. Mupeza kuti kutayika kwatsika mpaka mamita pafupifupi 0.8, chifukwa kumadalira D yochulukitsidwa ndi iyo yomwe kasanu. Musangondikhulupirira. Werengerani A, V, Re ndi f mwatsopano, kenako jambulani paipi yonse papepala kuyambira pa thanki, mulembe pa kona iliyonse mamita a head amene atsala.