Kumufotokozera mwana za transition state osatsegula buku

Mwana wanga wa Fomu 4 ankangoloweza mawu akuti transition state, tanthauzo lake osalimva. Makolo anzanga, yesani izi.

Yambani ndi machesi. Mpatseni bokosi aligwedeze, sayaka. Akhwatche kamtengo kamodzi, moto uwo! Muuzeni kuti mankhwala a pamutu pa machesi amafuna kukankhidwa kaye mpaka pansonga, pomwe maatomu akusiyana ndi anzawo akale koma sanagwirane bwino ndi atsopano. Pansonga pamenepo ndiye pa transition state, ndipo sipachedwa. Ife tinachita kuloza phiri la Ndirande: mwala uli pansonga ugubuduka basi, kuno kapena kuseri. Asayansi Henry Eyring, komanso Meredith Evans ndi Michael Polanyi, anafotokoza zimenezi mu 1935.

Kenako ubongo, komwe kulinso nsonga yofananako. Selo la mtsempha likapuma limakhala cha pa -70 mV (mV ndi muyeso wa mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi). Likafika cha pa -55 mV timakomo ta paselo tolowera sodium (chinthu chopezeka mu mchere) timatseguka, uthenga wapita, kulibe kubweza. Apa wanga anafunsa mafunso mpaka nsima inazizira.

Mainjiniya a misewu nawo ali ndi transition yawo, kusintha pang'onopang'ono kuchoka pa msewu woongoka kufika pakona, koma musavutike nazo. Mukakwera minibasi ya ku Chikwawa, ayang'ane manja a dalaivala: sapotokola chiwongolero kamodzin'kamodzi. Mainjiniya amayamba kukhotetsa msewu pang'onopang'ono usanafike pakona penipeni, kuti galimoto isakutayireni ku windo.