Momwe mungasankhire timu ya akatswiri a baseball a nthawi zonse

Okonda baseball ali ndi mkangano umodzi womwe sutha: atakupatsani mwayi wosankha osewera abwino kuposa onse m'mbiri yonse ya masewerawa, mungatenge ndani ndi ndani? Ambiri amangolemba mayina a anthu omenya ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo) basi, mapeto ake timu ili ndi ma right fielder anayi koma catcher (wogwira mpira kumbuyo kwa womenya) palibe, ngati timu ya mpira wamiyendo yodzaza masitilaika yopanda goloboyi. Ngati mukufuna yanu ikhale yomveka mukakaiponya pa gulu la WhatsApp, chitani chonchi.

1. Yambani mwagwirizana malamulo

Mayina adikire kaye. Mukuwerengera MLB (ligi yaikulu ya ku America) yokha kapena Negro Leagues (maligi akale a osewera akuda) nayo ilimo? Funso ili si lachibwana, chifukwa kwa zaka zambiri akuda sankaloledwa mu MLB mpaka 1947 pomwe Jackie Robinson analowa timu ya Brooklyn Dodgers, nde Babe Ruth ndi anzake sankakumana mu ligi ndi anthu ngati Satchel Paige, yemwe anadzalowa ku Cleveland mu 1948 ali ndi zaka 42, mphamvu zambiri zitatha kale. Mu 2024 MLB inaphatikiza ziwerengero za Negro Leagues m'mabuku ake ndipo Josh Gibson anangotulukira pamwamba ndi batting average (ma hit, kutanthauza kumenya mpira nkufika pa base, pogawa ndi maulendo omenya) ya .372, kumuposa Ty Cobb. Ine a Negro Leagues ndimawalowetsa ndithu. Nanga aku Japan? Sadaharu Oh anamenya ma home run 868 ku Yomiuri Giants, mukangoti za ku America zokha ameneyo watsala panja.

Lamulo lina: mukufuna munthu amene anawala kwambiri kwa zaka zochepa kapena amene anakhalitsa? Sandy Koufax, pitcher (woponya mpira), anasiya kusewera mu 1966 ali ndi zaka 30 chifukwa cha kuwawa kwa chigongono, koma masizoni ake omalizawo anthu ankalephera kumenya mipira yake.

2. Jambulani bwalo papepala

Lembani malo onse: catcher, first base, second base, third base, shortstop, left field, center field, right field ndi pitcher. Onjezani DH, womenya chabe osagwira mpira, yemwe American League (imodzi mwa maligi awiri a MLB, inayo ndi National League) inayambitsa mu 1973. Munthu aikidwe pomwe ankasewera, osati kumukankhira Hank Aaron pa shortstop poti mukumufuna basi.

3. Dzazani kaye malo osowa anthu

Catcher, shortstop ndi center field ndi malo omwe ntchito yogwira mpira imalemera, akatswiri enieni ndi ochepa. Pa catcher muli ndi Johnny Bench wa Cincinnati Reds, Yogi Berra amene anapambana World Series (ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa MLB) ka 10 ndi Yankees, ndi Gibson uja. Pa shortstop ambiri amatenga Honus Wagner wa Pittsburgh Pirates, olo Cal Ripken Jr. nayenso ali ndi anthu ake chifukwa cha magemu 2,632 otsatizana osajomba. Pa center field musataye nthawi, ndi Willie Mays, ma home run 660 ndi ma Gold Glove (mphoto ya wogwira bwino mpira) 12. First base Lou Gehrig, third base Mike Schmidt, second base sankhani pakati pa Rogers Hornsby, Joe Morgan ndi Robinson.

4. Apa ndi pomwe abale amadana

Right field. Ruth anamenya ma home run 714, Aaron 755, onse malo amodzi. Apa ndi pomwe DH amakupulumutsani: mmodzi m'bwalo, wina DH. Roberto Clemente, amene anafika ma hit 3,000 ndendende kenako nkumwalira pa ngozi ya ndege mu 1972 akukapereka thandizo ku Nicaragua, akhala pa benchi, zimapweteka koma nanga titani.

Left field ndiye ikufuna mtima. Ted Williams anali ndi batting average ya .406 mu 1941 ndipo kuyambira pamenepo palibe wina wa American League kapena National League anafikanso .400, komanso anataya masizoni angapo ali ku usilikali pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndi ya ku Korea, akuyendetsa ndege. Barry Bonds ali ndi ma home run 762, kuposa aliyense mu MLB, 73 mwa amenewo mu 2001 mokha, ndi ma MVP (mphoto ya wosewera wopambana mu ligi pa sizoni) 7, koma nkhani ya mankhwala opatsa mphamvu inamutsekera khomo la Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a masewerawa. Ganizani nokha ngati ogwidwa ndi nkhani imeneyi mukuwalola, bola lamulolo ligwire aliyense, osati kumukana Bonds kenako nkulowetsa Roger Clemens, pitcher yemwe nayenso anatchulidwa mu nkhani yomweyo, mwakachetechete. Kwa ine ndi Williams.

5. Musafanizire manambala a nthawi zosiyana mwachimbulimbuli

Cy Young anapambana magemu 511, palibe adzafikepo, koma nthawi yake pitcher ankaponya gemu yonse yekha, lero amamutulutsa akangodutsa mipira 100 kapenanso asanafike. Chisanafike 1920 ma home run ankasowa, komanso sizoni inali ya magemu 154 isanakwere kufika 162. Nde tsegulani webusaiti ya ziwerengero ya Baseball-Reference muone OPS+ kwa omenya ndi ERA+ kwa oponya, manambala oyerekeza munthu ndi anzake a nthawi yake: 100 ndiye pakatikati pa ligi, wopitirira kwambiri pamenepo anawasiya anzake a nthawi yake patali.

6. Ma pitcher tengani asanu ndi wotseka gemu

Anga ndi Walter Johnson amene anapambana magemu 417, Paige, Greg Maddux, Pedro Martínez wa ku Dominican Republic ndi Randy Johnson kuti pakhale wamanzere. Wotseka ndi Mariano Rivera wa ku Panama, ma save (magemu omwe anatseka nkuteteza chipambano) 652, munthu woyamba kulowa Hall of Fame ndi mavoti onse mu 2019.

7. Nanga omwe akadasewera?

Shohei Ohtani amamenya komanso amaponya, mu 2024 anafika ma home run 50 ndi ma stolen base (kuthamangira base yotsatira mpira usanamenyedwe) 50 sizoni imodzi, zomwe zinali zisanachitikepo. Ena amati adikire apume kaye. Mukamulola, dziwani kuti DH watenga iye, nde pakati pa Ruth ndi Aaron wina akhale pa benchi, ndipo mukonzekeretu kufotokoza kuti ndani.