Momwe mungafikire pophunzira motorsport engineering mukuchokera kuno ku Thyolo kapena Mulanje

Mafana ambiri akhala akundifunsa pa WhatsApp, ena timakumana pa Luchenza, kuti kodi kosi ya magalimoto a mpikisano ija munalowa bwanji achimwene, ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Ndiyambe ndi mfundo yomwe ambiri sasangalala nayo: musathamangire dzina loti motorsport mukangomaliza fomu 4. Kuno ku Malawi kosi ya dzina limeneli kulibe, ndipo ku UK komwe kuli makosi ambiri otere MSCE yokha sakutengani nayo chaka choyamba cha digiri, amafuna A-Level kapena mudutse kaye foundation, chomwe ndi chaka china chathunthu cholipira mapaundi. Njira yomwe ineyo ndinayenda komanso yomwe ndimauza aliyense ndi yoti digiri yoyamba mupangire konkuno, kenako masters ya chaka chimodzi kunja.

Choyamba ndi MSCE. Masamu ndi Physics ndiye msana, Chemistry ndi Chingerezi zisatsalirenso, mukufunika ma credit 6 kuphatikiza Chingerezicho koma pa engineering mpikisano ndi waukulu moti kungokhala ndi ma credit sikokwanira, mapointsi atsike ndithu. Polemba fomu ya NCHE sankhani mwanzeru. Ku MUBAS, yomwe makolo athu amaitchulabe Poly, kuli Mechanical ndi Automobile Engineering. Pakhomo pathu pompano pa Ndata, MUST yomwe inatsegulidwa mu 2014 ili ndi Manufacturing Engineering komanso Metallurgy and Materials, ndipo musazipeputse zimenezi poti mulibe mawu oti galimoto, galimoto ya Formula 1 thupi lake ndi carbon fibre, mkatimo muli titanium ndi aluminium, anthu odziwa momwe chitsulo chimatopera mpaka kuthyoka amafunika kwambiri mu timu iliyonse. Makosi amenewa ndi a zaka 5, ngongole ya ku loans board mukudziwa kale mmene amafunsira.

Wina akakuuzani kuti popanda digiri yolembedwa motorsport simungalowe, muuzeni za Gordon Murray wa ku Durban amene anajambula magalimoto a Brabham ndi McLaren, iyeyu anaphunzira mechanical engineering ku Natal Technical College. Rory Byrne, amene anajambula ma Ferrari omwe Michael Schumacher ankawinira, anaphunzira chemistry ku Wits mu Johannesburg momwemu momwe abale athu ambiri akugwira ntchito.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe anzathu ambiri amagona, muli pasukulupo pangani kanthu ndi manja anu komwe mungaonetse. Anzanu amene mudzapikisane nawo malo ku UK ambiri anadutsa mu Formula Student, mpikisano womwe bungwe la IMechE limachititsa ku Silverstone chaka ndi chaka, ophunzira amajambula ndi kumanga okha kagalimoto ka munthu mmodzi nkukakayesa liwiro pa mtunda wa mamita 75, kuzungulira ngati nambala 8, komanso kuthamanga makilomita 22 osawonongeka. Ife zimenezo tilibe, koma tili ndi njinga zamoto mbwee kuyambira pa Bvumbwe mpaka ku Muloza. Ine ndinagwirizana ndi mnyamata wina wakabaza, ndinamanga foni pa thanki ndi malamba a chubu, nditaikamo pulogalamu yaulere ya phyphox yomwe imalemba mmene njinga ikugwedezekera ndi mmene ikuthamangira, tinkadutsa kamsewu kamodzi kamafumbi ka m'minda ya tiyi ndi mashoko akale, kenako ndi atsopano, kenako titachepetsa mpweya m'matayala. Manambalawo ndinkawaika mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta, nkujambula ma graph. Zimaoneka zachibwana koma ntchito ya data engineer mu timu ya mpikisano ndi imeneyi kumene, kusintha chinthu chimodzi, kuyeza, kufananiza, ndipo pa intaviyu yanga aphunzitsi anathera nthawi yambiri pa njinga ija kuposa pa magiredi. Chipewa muvale chonde, ndipo musakayesere pa mseu wa M2 pomwe pakudutsa maminibasi.

CAD, kujambula zipangizo za makina pa kompyuta, muiphunzire nokha usiku. FreeCAD ndi yaulere, Fusion amapereka ulere kwa ophunzira mukalembetsa ndi imelo ya sukulu, OptimumLap nayo ndi yaulere ndipo imakuonetsani kuti galimoto ikapepuka kapena matayala akagwira bwino nthawi yozungulira bwalo imasintha bwanji. Mapulogalamu a CAD a SolidWorks obera omwe anyamata amagulitsa pa flash mu Limbe asiyeni, ambiri amabwera ndi ma virus. Laputopu yakaunjika ilibe vuto koma RAM ikhale 16GB, ndipo pogula muiyatse pomwepo muone nokha mkati, chifukwa ena amamata chomata cha i7 pa makina a i3, batire nayo muiyese mutazula chaja.

Mukamaliza digiri gwirani ntchito kaye zaka ziwiri, kaya ku workshop ya fakitale ya tiyi, kaya ku garaja yaikulu mu Blantyre. Mumaphunzira zambiri, komanso Chevening, scholarship ya boma la UK, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Chachitatu ndi kusankha sukulu ya masters ku UK. Oxford Brookes ili ndi masters ya Motorsport Engineering, Cranfield ili ndi Advanced Motorsport Engineering ndipo kumeneko kulibe digiri yoyamba, ndi masters ndi PhD basi. Ubwino wa masukulu amenewa ndi malo omwe ali, matimu ambiri a Formula 1 ali chigawo chomwecho, Mercedes ku Brackley, Red Bull ku Milton Keynes, Williams ku Grove, Aston Martin pa Silverstone penipeni, ndiye anthu a m'matimuwa amabwera kudzayankhula m'kalasi. Fomu mumalemba nokha pa webusaiti ya sukuluyo, simukufunika agent. Alipo ena mtauni amene amatchaja ndalama zambirimbiri kuti akupezerani malo, chomwe amachita ndi kudzaza fomu yomweyo, ndipo kalata yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira kosiyo amangokopera ya munthu wina. Mulembe nokha, mufotokoze zomwe munayeza ndi zomwe munapeza, nkhani yoti mumakonda Lewis Hamilton aliyense amalemba. Transcript muyambe kuitsata msanga. IELTS, mayeso a Chingerezi, ndi yodula ndiye muilembe mutakonzeka, imagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Tsopano pa ndalama za visa, apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ulendo wanga unatsala pang'ono kufera. Ngati mwapeza scholarship yolipira zonse monga Chevening kapena Commonwealth, kalata yawo imakwanira. Koma ngati akulipirirani fizi yokha ngati mmene zinalili kwa ine, muyenera kuonetsa kuti muli ndi ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9. Mu 2022 kwa wophunzira wa kunja kwa London zinali £1,023 pamwezi, kutanthauza £9,207, pano anakweza ndiye muone pa gov.uk. Ndalamazi zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza pa statement lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lomwe mukutumiza fomu. Chomwe anthu sakuuzani ndi ichi, ndalama zanu zili m'makwacha koma a ku visa amazisintha kukhala mapaundi potengera mtengo wa pa webusaiti ya OANDA wa tsiku lomwe mwatumiza fomu, osati tsiku lomwe munaziika ku banki.

Ife tinasonkhanitsa movutikira, zomwe ndinasunga kuntchito, za amalume a ku Joni, mayi anagulitsa nthochi ndi nandolo wawo yense, tinaika mu akaunti mwezi wa May zitakwana ndendende kuonjezerapo pang'ono chabe. Tili mkati mowerenga masiku, kumapeto kwa May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu akaunti simunachoke ngakhale tambala, koma m'mapaundi ndalama ija inapelewera ndi makwacha opitirira 2 miliyoni. Ndipo kuonjezera sikuti mumangopitiriza pomwe munali ayi, amayang'ana ndalama yotsikitsitsa yomwe inalimo m'masiku 28 aja, ndiye mukathiramo zina kuwerenga kumayambiranso pa 1. Tinayambanso kuzungulira m'makomo mwa abale, ndipo pomwe zimakwana, satifiketi yanga ya TB yomwe ndinayezetsa kumayambiriro kwa chaka inali itatha, paja imakhala miyezi 6 yokha, ndinakweranso basi kukayezetsa kachiwiri nkulipiranso. Mu November 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndiye musamati zinangochitika kamodzi. Langizo langa, ikani zopitirira ndithu zomwe akufuna, ngati mungathe onjezani gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ngati muli ndi mwayi wa akaunti ya ndalama zakunja gwiritsani imeneyo. Akaunti ikhale ya dzina lanu kapena ya kholo lanu, ya amalume salola ngakhale ndi amene akukuthandizani, ya kholo imafunanso kalata yawo ndi satifiketi yanu yakubadwa. TB muyezetse mochedwerako, mutaona kuti CAS, nambala yomwe sukulu imapereka potsimikiza kuti yakutengani, yayandikira, ndipo pa chipatala chokhacho chomwe chili pa mndandanda wa gov.uk.

Nthawi ngati imeneyi ndi pomwe amatulukira anthu obwereketsa ndalama zongoonetsa ku banki pa katapila, ena mpaka amati tikupangirani statement. Musayerekeze. Amatha kufunsa ku banki, akakupezani ndi pepala labodza akhoza kukuletsani kulowa UK zaka 10.

Zotsalazo ndi zongotsatira. Onani pa kalata yokupatsani malo ngati kosi yanu ikufuna ATAS, chilolezo cha boma la UK chophunzirira makosi ena a sayansi, makosi ena a engineering amafuna, ndi yaulere koma imatenga masabata angapo. Sukulu ikutumizirani nambala ya CAS, mudzaze fomu ya visa pa intaneti, mulipire visa ndi ndalama ya chipatala yomwe ndi £776 pachaka kwa ophunzira, mukadinde zala, mudikire. Tikiti musagule visa isanatuluke. Mukafika, sabata yoyamba yomweyo kalembetseni mu timu ya Formula Student ngati sukuluyo ili nayo. Kumbukiraninso kuti Chevening imafuna mubwerere kumudzi zaka ziwiri mukamaliza, ndiye ngati cholinga chanu ndi kukhala mu timu ya komweko muganize bwino musanasaine. Ntchito zilinso kufupi kuno, Toyota Hilux yomwe Nasser Al-Attiyah anawinira mpikisano wa Dakar Rally mu 2019 inamangidwa ku South Africa, ndipo Safari Rally ya ku Kenya inabwerera mu WRC, mpikisano wa rally wa dziko lonse, mu 2021, ndiye CV muzitumizanso kumeneko.