Njinga yamoto ikakana kulila mutatsuka kabyuleta

Malangizo awa ndi a njinga zamoto za silinda imodzi, za 100cc mpaka 200cc, zoyendela kabyuleta. Ngati njinga inali kulila musanatsuke kabyuleta, kawilikawili vuto limakhala pa cinthu cimene manja anakhudza. Musathamangile kugula koilo kapena CDI (zipangizo zopeleka moto ku pulagi), ndipo musamasulenso kabyuleta musanadziwe mbali imene yalakwika. Gwililani nchito panja kapena popita mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya woyaka.

Yambani ndi zapafupi. Kiyi ikhale pa ON, swichi yofiila ya pa handulo ikhale pa RUN, giya ikhale pa nyutilo. Onani ngati cipewa ca pulagi cakhala bwino, cifukwa cimakonda kugwedezeka pocotsa kabyuleta. Kampopi ka petulo kakhale pa ON, kapena pa RES ngati m'thanki mwatsala pang'ono.

Kabyuleta yotsukidwa kumene imakhala youma. Mukatsegula kampopi, dikilani mphindi 2 kuti kambale ka pansi pa kabyuleta kadzale. Njinga zina zili ndi kampopi kamene kamatseguka cabe injini ikamakoka mpweya. Pa zotelozo ikani pa PRI ngati palipo, ndipo onetsetsani kuti kapaipi kakang'ono kocokela ku injini kabwelela pa kampopi. Kakaiwalika, petulo sabwela, komanso injini imakoka mpweya pa bowo lotsala poyela.

Kodi petulo wafika m'kambale?

Ikani kabotolo pansi, masulani kasikuluu kotayila petulo ka pansi pa kambale. Petulo ayenela kutuluka mosadukiza. Ngati palibe cotuluka, solodolani paipi ya petulo pa kabyuleta. Paipi ikakhala youma, funani pamene yapindika, sefa yotsekeka kapena yoikidwa cozondoka, zinyalala m'kampopi, kapena kabowo kopumila ka pa civundikilo ca thanki. Paipi ikamatulutsa bwino koma kambale n'kouma, ndiye kuti kasingano ka fuloti kamatilila. Fuloti ndi cija coyandama m'kambale, cimene cimakankha kasinganoko kuti katseke petulo kambale kakadzala. Gogodani kambale pang'onopang'ono ndi cigwililo ca sikuludilaiva. Kakakanabe, tsegulani muone ngati fuloti inaikidwa cozondoka.

Yang'ananinso petulo wa m'kabotolo. Madzi amakhala pansi ngati timadontho tozungulila. Petulo wogula m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi ndi fumbi, ndipo ngati thanki sinatsukidwe, zinyalala zimene munacotsa zimabwelela m'kabyuleta tsiku lomwelo.

Funsani pulagi

Apa ndi pamene nchito imagawikana. Tsekani choki monga poliza injini yozizila, siyani thilotolo osaikhudza, pondani kiki ka 5 kapena ka 6, ndiyeno masulani pulagi. Ikatuluka youma, petulo sakufika m'silinda. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha petulo, wafika woculuka, kapena moto palibe.

Yesani motowo nthawi yomweyo. Bwezelani pulagi m'cipewa cake, gunditsani mazinga ake ku citsulo ca injini kutali ndi bowo la pulagi, mugwile pa labala, muponde kiki. Moto wabwino ndi wa buluu ndipo umamveka kuthetheka. Mpata wa pulagi pa njinga zambili za mtundu uwu ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Moto ukasowa, yesani pulagi ina, ndiyeno tsatani mawaya a pansi pa thanki ndi a pafupi ndi kabyuleta, mwina lina lasolokoka.

Pulagi youma

Thilani petulo wosapitilila 2 ml pa bowo la pulagi, mangani pulagi, pondani kiki. Injini ikalila masekondi ocepa n'kuzima, moto ndi kompulesheni (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) zili bwino, vuto lili m'kabyuleta.

Woyamba kumukaikila ndi pilot jet, jeti yaing'ono yowonda imene ili pafupi ndi main jet, jeti yaikulu. Majeti ndi timasikuluu ta bowo todzela petulo, timene timaoneka mukacotsa kambale. Poliza injini ndi poiyendetsa pa aidulo, petulo amadzela mu iyo. Main jet imagwila nchito thilotolo ikatseguka kwambili, motelo kuyela kwake sikuthandiza poliza. Bowo la pilot jet n'locepa kuposa nsonga ya singano yosokela, ndipo kutsuka kwapamwamba kumangokankhilamo litsilo. Imasuleni, muiloze ku dzuwa. Muyenela kuona kuwala kozungulila bwino, ndipo timabowo ta m'mbali tikhale totseguka. Itsukeni ndi mankhwala opopela a kabyuleta, muuzile ndi mpweya wa kompulesa kapena pampu. Musaiboole ndi singano kapena waya wacitsulo. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, bowo likakula silibwelelanso. Cingwe ca nayiloni cowedzela nsomba cimakwanila.

Jeti ikhoza kuyela koma njila yake m'thupi la kabyuleta n'kukhala yotsekeka. Popelani mankhwala pamene jetiyo imakhala, mutachinga maso. Ayenela kutulukila pa kabowo ka kukhosi kwa kabyuleta ku mbali ya injini, pa bowo la kasikuluu kosakaniza petulo ndi mpweya, ndi pa kabowo ka mpweya kukamwa kwa kabyuleta. Pamene sakutuluka ndi pamene patsekeka.

Cina ndi mpweya wolowela pambali. Cipaipi ca labala ca pakati pa kabyuleta ndi injini cikang'aluka, kilampu ikakhala yosamangika, kapena kamphete ka labala ka polumikizila kakagwa, injini imakoka mpweya m'malo mokoka petulo. Pindani cipaipico ndi zala kuti ming'alu ionekele. Manati 2 a polumikizila amangidwe mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Kumanga imodzi mpaka kumapeto kumapinda nkhope ya kabyuleta.

Pulagi yonyowa

Tsekani kampopi, tsegulani choki, pondani kiki ka 10 pulagi ili kunja, kiyi ili pa OFF. Umitsani pulagi, ibwezeleni, muyese kuliza popanda choki.

Ikanyowanso, onani paipi yotayila ya pansi pa kambale. Ikamadontha, kasingano ka fuloti sikakutseka. Mwina pali kacitsotso pokhalila pake, mwina nsonga yake ya labala yadyeka n'kukhala ndi mzele, mwinanso kalilime ka fuloti kanapindika potsuka. Kutalika kwa fuloti kumasiyana malinga ndi mtundu wa kabyuleta, conco tengani muyeso wa m'buku la njinga yanu. Poyesa, pendekani kabyuleta kuti kalilime kangokhudza kasingano osakapanikiza. Fuloti imene ikumveka kukhucumuka mkati mukaigwedeza yabooka, igulidwe ina.

Pa makabyuleta ambili a mtundu wa PZ pali kamkuwa kakang'ono kamene singano ya silaidi imalowamo. Silaidi ndi cija cimene cimakwela ndi kutsika m'kabyuleta mukapotokola thilotolo. Kamagwa mwakacetecete mukamasula cogwilila main jet, ndipo kakasowa petulo amakhuthukila m'injini. Onaninso ngati majeti onse amangika, ngati sefa ya mpweya sinamwe oilo woculuka, ndiponso ngati kansalu kamene munatsekela pa bowo sikanatsalemo. Choki nayo iyang'aneni ndi maso kukamwa kwa kabyuleta, musadalile kumene kalevala kaloza.

Silaidi ndi kasikuluu kosakaniza

Mbali yosemedwa ya pansi pa silaidi imayang'ana ku sefa ya mpweya, ndipo mzele wake wautali umalowa pa kamsomali ka m'thupi la kabyuleta. Ikalowa molakwika imatsakamila pamwamba, injini n'kukana kulila kapena kulila mokuwa koopsa. Potokolani thilotolo n'kuisiya, mumve silaidi ikugunda pansi. Pa kabyuleta yokhala ndi labala yopyapyala pansi pa civundikilo ca pamwamba, labalayo ikhale m'mzele wake ponseponse, yosabooka. Mankhwala otsukila amaitupitsa, asaikhudze.

Kasikuluu kosakaniza kamakhala ndi sipuling'i, ndipo pa mitundu yambili pamatsatila kawasha ndi kamphete ka labala. Kamangeni mpaka kangokhudza pansi, osakakamiza cifukwa nsonga imathyokela m'bowo, ndiyeno kamasuleni kuzungulila kamodzi ndi theka kapena kawili, ngati buku silinachule cina. Kakakhala ku mbali ya injini, kumasula kumaonjezela petulo. Kakakhala ku mbali ya sefa, kumasula kumaonjezela mpweya.

Injini ikalila, ilekeni itenthe mphindi 5 mpaka 10, choki ili yotsegula. Potokolani kasikuluu kotala imodzi nthawi iliyonse, mudikile masekondi 10, mpaka mupeze pamene injini ikulila mokwela ndi mosalala. Ndiyeno tsitsani aidulo ndi kasikuluu kake kufika pa 1,400 rpm kapena pafupi pamenepo. Lusaka ndi Chipata zili pamtunda wopitilila mamita 1,000, pamene mpweya ndi wopepukilako, motelo musaike jeti yaikulu kuposa imene inabwela ndi njinga pofuna kuti izilila msanga. M'mamawa wa June ndi July kufuna choki si vuto.

Ngati moto ulipo, petulo wothila pa bowo la pulagi sanalize injini, ndipo kiki ikutsika mopepuka kuposa kale, siyani kabyuleta. Pimani mpata wa mavavu injini ili yozizila, muyesenso kompulesheni.