Mmene mungadutsire pa eyapoti ya Bole ku Addis Ababa osasiyidwa ndi ndege

Amalawi ambiri amene timapita ku Dubai, ku Guangzhou kukaoda katundu, ku London kapena ku India kuchipatala, timadutsira pa Bole, eyapoti ya ku Addis Ababa ija. Sikuti timachita kusankha kwambiri ayi, koma Ethiopian Airlines ndi imene imatera kwathu pafupipafupi komanso ili ndi 49 peresenti mu Malawi Airlines, boma lathu lili ndi 51, ndiye tiketi mukagula nthawi zambiri mupeza palembedwa ADD pakati, kutanthauza Addis Ababa. Ineyo ndadutsapo kambirimbiri ndipo ulendo ulionse ndimakumana ndi wakwathu mmodzi atasokonezeka, chikwama m'manja maso ali mwamwamwa, ena mpaka misozi. Zimandikhudza chifukwa zambiri zomwe zimawavuta n'zoti munthu akanangowauziratu asananyamuke pa Lumbadzi.

Choyamba muyiwale za KIA (eyapoti ya Kamuzu ya pa Lumbadzi) kapena Chileka komwe munthu umaona ndege yako ili apo pawindo. Bole inakula ndipo ikukulabe. Terminal 2, yomwe ndi ya maulendo akunja, inatsegulidwa mu 2003, kenako anaikulitsa n'kutsegulanso mu January 2019 kuti izitha kulandira anthu 22 miliyoni pa chaka, tangoganizani anthu pafupifupi onse a m'Malawi muno kudutsa pa bilidingi imodzi chaka chimodzi. Ndipo yawachepera kale, pano akumanga ina yatsopano ku Bishoftu, makilomita pafupifupi 40 kuchoka mu tawuni ya Addis. Ndiye ngati munadutsapo zaka zitatu zapitazo musamadzithembe kuti ndikudziwa njira, khomo lomwe munalowera lija mwina analitseka n'kutsegula lina. Terminal 1 ndi ya ndege za m'dziko lawo momwemo, inuyo ongodutsa simukusowekera kupitako.

Chinthu chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi, Bole imagwira ntchito ngati depoti ya mabasi pa nthawi yake. Ndege za mu Africa muno zimafika madzulo zonse motsatizana, ya ku Lilongwe, Lusaka, Harare, Lagos, Kinshasa, kenako usiku kuyambira cha m'ma 10 mpaka kupitirira 12 zimanyamuka za ku Europe, ku Asia ndi ku Middle East. M'mawa zimatembenuka, zakutali zija zimafika kukucha ndipo za mu Africa zimanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Masana mutha kupeza malo ali zii koma pa nthawi ziwiri zimenezi pamakhala chinamtindi cha anthu ngati msika wa Lizulu Loweruka, mizere paliponse mipando yosowa ngakhale kutoyileti mzere. Ndiye maola awiri a transit (odikira ndege yachiwiri) omwe alembedwa pa tiketi yanu si maola awiri okhala pansi kumwa tiyi ayi, ambiri mwa iwo athera pa mzere.

Yambirani kukonzekera muli kwathu konkuno. Pa check-in ku KIA pemphani kuti akupatseni ma boarding pass (mapepala okwerera ndege) onse awiri, wa Lilongwe kupita Addis ndi wa Addis kupita komwe mukupitako. Akamamata kapepala pa sutikesi yanu kayang'aneni ndithu, pakuyenera kulembedwa malo omaliza monga DXB ngati ndi Dubai, CAN ngati ndi Guangzhou, LHR ngati ndi London, osati ADD yokha. Katundu wamkuluyo simukamuona ku Addis, amasamutsa okha kuchoka mu ndege ina kupita mu ina. Kachidutswa kakang'ono ka sitika kamene amakupatsani kaja kasungeni mu pasipoti kapena mukajambule pa foni, sutikesi ikasowa ndi umboni wanu wokhawo. Mu chikwama cha m'manja muike mankhwala anu, chaja, pawa banki (iyi salola mu sutikesi yaikulu), zovala zosinthira za tsiku limodzi ndi juzi kapena jekete.

Juziyo musaiseke. Addis ili pamwamba kwambiri, mamita opitirira 2,300, pomwe Lilongwe ili cha m'ma 1,000 basi. Usiku kumazizira ngati Dedza mu June, ndipo kuyambira June mpaka September kumakhala mvula. Komanso chifukwa cha kukwera kwa malowo mpweya ndi wochepa, mukathamanga pang'ono kapena kukwera masitepe ndi chikwama mumva befu, mtima uli thithithi. Agogo, amayi oyembekezera ndi odwala BP aziyenda pang'onopang'ono, ndipo ngati muli ndi munthu wovutika kuyenda pemphani wilitcheya pogula tiketi kapena pa check-in, salipiritsa, ndipo amamuperekeza mpaka pa geti.

Nkhani ya nthawi tsopano, apa ndiye pamagwera anthu. Ku Addis ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, ikakhala 8 koloko kwathu kumeneko ndi 9. Nthawi yolembedwa pa boarding pass ndi ya komweko. Foni yanu ikapanda kugwira netiweki siyisintha yokha, ndiye ndege ikangotera sinthani nokha wotchi. Ndinaonapo mayi wina wakwathu atakhala phee pa mpando akudya mabisiketi, akudalira foni yake yomwe inali pa nthawi ya ku Lilongwe, atafika pa geti anapeza atatseka kalekale ndipo anagona pompo kudikira ya mawa lake. Nkhope yake sindimaiwala mpaka lero. Ndipo pa boarding pass pamakhala nthawi ziwiri, yonyamukira ndege ndi yoyambira kukwera, inu tsatirani yoyambira kukwerayo, geti imatsekedwa ndege isananyamuke.

Palinso kena kake kodabwitsa, anthu a ku Ethiopia amawerenga maola mwa njira yawo, tsiku amaliyambira m'mawa dzuwa likamatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi 1 koloko. Kalendala yawonso ili ndi miyezi 13 ndipo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Mu eyapoti ma sikilini amalemba nthawi yomwe timaidziwa tonse, musade nkhawa, koma mukatuluka kupita ku hotela wina akakuuzani kuti basi ibwera nthawi yakuti mufunseni kawiri kuti ndi nthawi iti, olo akulembereni papepala.

Mukatsika ndege nthawi zambiri mumakwera basi yokutengerani ku bilidingi chifukwa ndege zambiri zimaima patali. Mukalowa musatsatire gulu mwachimbulimbuli, ena akulowa mu Ethiopia momwemo akupita ku immigration. Inu yang'anani zikwangwani zolembedwa Transfer kapena Connecting Flights. Musanapite kwina kulikonse imani pa sikilini yaikulu, pezani nambala ya ndege yanu, imayamba ndi ET kenako manambala, muone geti, khomo lokwerera ndege yanu. Musamangoyang'ana dzina la mzinda chifukwa usiku umodzi pamatha kukhala ndege zingapo zopita mbali imodzi. Ndipo geti imasintha abale, yomwe analemba pa pepala ku Lilongwe masana itha kukhala ina pofika usiku, ndiye muzibwerera pa sikilini pafupipafupi. Zolengeza pa ma sipika ndi phokoso la anthu lija simungazidalire.

Kenako pali sekyulite, inde akusechaninso ngakhale anakusechani kale ku KIA. Amavulitsa nsapato, lamba, wotchi, jekete, laputopu muitulutse mu chikwama. Madzi a m'botolo amalanda, mafuta odzola ndi perefyumu zopitirira 100ml zimatsala pompo, ndiye chiponde ndi uchi wopatsira achibale kunja zija ikani mu sutikesi yaikulu. Valani nsapato zosavuta kuvula, makoini ndi makiyi muikiretu mu chikwama muli pa mzere. Ngati nthawi yakutherani musaime chete kumbuyo n'kumadandaula mumtima, onetsani boarding pass kwa wantchito wovala yunifolomu mumuuze kuti ndege yanga ikukweza, nthawi zambiri amakudutsitsani kutsogolo. Ulemu wathu uja wongokhala chete kudikira kuti wina atione pano sukuthandizani.

Langizo langa ndi loti mudutse sekyulite kaye, mukaione geti yanu ndi maso, kenako ndiye muzifuna chakudya ndi toyileti. Bilidingiyo ndi yaitali, kuchoka mbali ina kufika mbali ina ndi kaulendo ndithu. Ma geti ena ali pansi, mumatsika masitepe n'kukakwera basi yopita pomwe pali ndege, ndipo pansipo ma geti amakhala moyandikana mizere n'kusakanikirana, ndiye funsani amene ali patsogolo panu kuti mzere uwu ndi wa kuti musanaimepo mphindi 20 pa mzere wa ku Mumbai inu mukupita ku Dubai.

Za ndalama, kwacha kumeneko siigwira ntchito olo pang'ono. Ndalama yawo ndi birr koma m'mashopu a mu eyapoti amalandira madola, tengani timapepala ting'onoting'ono ta 1, 5 ndi 10 toyera bwino tosang'ambika, chifukwa mukapereka 100 chenji chimavuta. Khadi ya ku banki yakwathu itha kugwira itha kukana, ndi mmene forex ikuvutiramu musaidalire yokha. Zinthu n'zodula ngati mmene zimakhalira pa eyapoti iliyonse, koma khofi yekha imwani, kwawo kwa khofi ndi kumeneko, ka macchiato kakang'ono kaja kamakutsitsimutsa usiku wonse. Wi-fi ilipo yaulere koma anthu akachuluka imakoka, ndiye adiresi ya komwe mukupita, nambala ya wokulandirani ndi tiketi yobwerera zikhale zosindikiza papepala kapena mujambuliretu sikilinishoti.

Ngati transit yanu ndi yaitali, pakati pa maola 8 ndi 24, ndipo panalibe ndege ina yoti mukanakwera msanga, Ethiopian Airlines imapereka hotela, chakudya ndi basi yake popanda kulipira. Ambiri sadziwa izi amangogona pa benchi. Funsani kwa ejenti pogula tiketi, funsaninso pa check-in, mukafika ku Addis pitani pa desiki ya transit akupatseni vocha, mudutse pa immigration ndi vochayo kenako basi ikutengani. Sutikesi yaikulu simuitenga, n'chifukwa chake ndinati zosinthira zikhale m'manja. M'mawa dzukani msanga mukwere basi yoyamba, pobwerera mumasechedwa polowa pakhomo kenako immigration kenako sekyulite ina. Amene ali ndi ndalama zawo pali Skylight Hotel yomwe inatsegulidwa mu 2019 pafupi ndi eyapoti, ndipo ili ndi nthambi ina mkati mwa terminal momwemo yoti mutha kugona osatuluka kunja. Kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever muyende nayo, Ethiopia ili m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezeka, ndipo mayiko ambiri amaifunsa ngati mwakhalitsa pa transit kupitirira maola 12. Katemerayu mukabaya kamodzi ndi wa moyo wonse.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndikupemphani ndi mtima wonse. Musanyamulire munthu kaphukusi, kaya walankhula Chichewa, kaya wati ndi mankhwala a mayi ake, kaya ndi wooneka wopemphera, chomwe chili mu chikwama chanu ndi chanu pamaso pa apolisi ndipo kuli Amalawi ali m'ndende zakunja chifukwa cha zomwezi. Chachiwiri ndi kwa asisi athu opita kukagwira ntchito za m'nyumba ku mayiko a Aluya, nkhani za atsikana omwe anavutika ku Oman tinazimva tonse. Pasipoti yanu isakhale m'manja mwa munthu wina kupatula wa immigration kapena wa pa geti amene akuiona n'kukubwezerani pompo. Ijambuleni, jambulaninso viza ndi kontrakiti mutumize kwa achibale pa WhatsApp musanakwere ndege yachiwiri, ndipo ngati mtima wanu ukukana, pa Bole mutha kupita pa desiki ya ndege n'kunena kuti sindikufuna kupitiriza.

Pobwerera kumudzi ndi chimodzimodzi kungoti ndi m'mawa. Mumafika kukucha muli ndi tulo, maso ofiira, mzere wa sekyulite uli wautali, ndiye osapita kukagona pakona poyamba, pezani geti ya Lilongwe kapena Blantyre kaye mukhale pafupi, muike alamu pa foni. Pa geti imeneyo ndi pomwe mumayamba kumva Chichewa, amayi a bizinesi ndi zikwama zawo zodzadza, mabwana a boma ochokera ku misonkhano, ana asukulu. Ndege ina imatera kaye bwalo limodzi kenako n'kupitiriza ku linalo, ndiye ikatera mverani bwino akamalengeza kuti pano ndi pa Lilongwe kapena Blantyre, ngati si panu khalani pampando osatsika. Mukafika kwanu dikirani sutikesi yanu pa lamba, muyerekeze nambala ya pa sitika ija ndi ya pa chikwama chifukwa masutikesi akuda amafanana, ndipo ikapanda kubwera kalembetseni pa desiki ya katundu musanatuluke panja, akupatseni pepala lokhala ndi nambala yoti muzikafunsira.