Kusiya fodya: masiku atatu oyamba, ndi mushanga umodzi umene umabweza anthu

Anthu ambiri amene anasiya fodya n'kudzayambiranso sanapite kukagula paketi. Anagula mushanga umodzi. Muno mu Chipata, kuchokera ku Kapata mpaka msewu wa ku Mwami, pafupifupi kantemba kalikonse kamagulitsa ndudu imodziimodzi, ndipo machesi kapena laita zimakhala pomwepo pa kauntala. Kumudzi nkhani imaposa pamenepo, chifukwa fodya ali m'chigafa kuseri kwa nyumba, ndipo kapepala kopichirira balani sikasowa. Choncho wofuna kusiya akonzekere kulimbana ndi ndudu imodziyo, pa nthawi yake ndi pa malo ake.

Chimene chimakukokani ndi chikonga. Mukakoka utsi, chikonga chimafika ku ubongo pasanathe masekondi 20, koma sichikhalitsa m'magazi: pakatha maola awiri theka lake limakhala latha. N'chifukwa chake wosuta amayamba kusakhazikika pakapita maola ochepa, ndipo ndudu ya m'mawa, pambuyo pa usiku wonse, ndi imene imavuta kwambiri kuisiya. Anthu amati fodya amakhazika mtima pansi. Chimene amachita n'kuziziritsa chibaba chimene iye mwini anayambitsa. Matenda ambiri sachokera ku chikongacho koma ku utsi, umene uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Bungwe la World Health Organization limanena kuti fodya amapha mpaka theka la anthu amene amapitiriza kumusuta.

Sabata imodzi musanasiye

Musayambe ndi kulumbira. Yambani ndi kapepala ndi bolopeni. Kwa masiku asanu ndi awiri, ndudu iliyonse mukaiyatsa lembani nthawi, malo, ndi amene munali naye. Pomaliza mudzaona kuti simusuta mwachisawawa ayi. Pali ya podzuka, ya pambuyo pa tiyi, ya poyembekezera basi, ya mukangosamba m'manja mutadya nsima, ya pa bawo madzulo, ya mukakangana ndi a kunyumba. Kwa wonyamula anthu pa njinga, imakhala ya pa siteji poyembekezera kasitomala. Ndudu iliyonse pa kapepalapo ikufunika choilowa m'malo chakechake, ndipo muchilembe pambali pake lero, chibaba chisanafike, chifukwa chikafika mutu sugwira.

Kenako sankhani tsiku, lisapitirire masabata awiri kuchokera lero. Likakhala kutali mtima umazizira. Lisakhale tsiku la malipiro, kapena sabata ya ukwati wa m'bale, kapena masiku a Nc'wala ku Mtenguleni mu February ngakhale a Kulamba ku Mkaika mu August ngati mumapitako ndi anzanu akumwa. Usiku woti mawa ndi tsikulo, nyowetsani ndudu zotsala m'madzi ndi kuzitaya m'chimbudzi. Pisani m'matumba a jekete, pansi pa matiresi, m'galimoto. Chapani zovala ndi zofunda kuti fungo lichoke. Imodzi yosungira "zikavuta" ndiyo idzakugwetsani usiku wachiwiri.

Uzani anthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uzani mayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba kuti kwa masabata awiri mudzakhala wa mtima wapachala, asadabwe ndipo asakubwezereni mawu. Uzani mnzanu amene mumagawana naye ndudu. Ndipo uzani mwini kantemba mosabisa: "Amayi, kuyambira Lolemba ndasiya. Ndikabwera kudzapempha, ngakhale pa ngongole, musandipatse." Ngati muli ndi ngongole ya mishanga pamenepo, lipirani musanasiye, kuti pasakhale chifukwa choimirirapo.

Masiku atatu oyamba

Tsiku loyamba ambiri amalipirira bwino chifukwa mtima udakali wotentha. Lachiwiri ndi lachitatu ndiye pachimake: kukwiya msanga, mutu, kusowa tulo, njala yosatha, kulephera kuika maganizo pa ntchito. Zimenezi zimayamba kuchepa sabata yoyamba ikatha, ndipo kwa ambiri zimakhala zatha pakati pa masabata awiri ndi anayi. Uku thupi layamba kale kukonzeka. Pakatha mphindi 20 kugunda kwa mtima kumatsika, ndipo pakatha maola 12 mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umabwerera pa mlingo wake.

Chibaba sichikhala tsiku lonse, ngakhale chimaoneka choncho. Chimabwera mwamphamvu, chimakwera, n'kutsika chokha pakatha mphindi zitatu mpaka zisanu, kaya mwasuta kaya simunasute. Ntchito yanu ndi kudutsa mphindi zimenezo basi. Chikafika, nyamukani pamene mwakhala, musalimbane nacho muli pa mpando womwewo. Imwani kapu ya madzi pang'onopang'ono. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, kakhumi. Manja ndi pakamwa zipatseni ntchito: kusenda nshawa, kukukuta chimanga chokazinga, kumung'unya malambe, kutafuna kamtengo kotsukira mano. Nzimbe imathandizanso, koma amene ali ndi matenda a shuga aipewe. Mukangomaliza kudya, tsukani mano pompo ndi kutuluka panja. Kakomedwe ka mankhwala otsukira mano kamadula ndudu ija ya pambuyo pa nsima.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa msanga caffeine wa mu tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu. Mukasiya kusuta, kapu yomwe ija imakugwirani kwambiri kuposa kale: mtima umathamanga, manja amanjenjemera, tulo sitibwera, ndipo inu mumaganiza kuti ndi chibaba. Chepetsani ndi theka, ndipo madzulo musamwe. Chimodzimodzi ndi mankhwala ena a kuchipatala, monga clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo ndi theophylline wa mphumu. Ngati mumamwa amenewa, adziwitseni adokotala musanasiye, chifukwa mlingo ungafunike kusintha.

Mowa ndiye mdani wamkulu. Kaya ndi Chibuku, kachasu kapena wa m'botolo, ukangolowa, lonjezo limasungunuka, ndipo pa bala pamakhala wina wokupatsani ndudu mwaulere. Ngakhale lamulo la 2008 limaletsa kusuta m'malo opezekamo anthu ambiri m'Zambia muno, pakhomo pa bala utsi umakhala uli tolotolo. Kwa mwezi woyamba musapiteko n'komwe. Mpira kaonereni kwa mnzanu wosasuta.

Za mankhwala othandizira

Ngati mumayatsa ndudu yoyamba pasanathe mphindi 30 mutadzuka, kapena mumasuta zoposa 10 pa tsiku, chikonga chinakugwirani kwambiri ndipo mankhwala angakuthandizeni ndithu. Funsani ku famase kapena kuchipatala, kaya ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, kapena ku kiliniki yapafupi.

Pali chigamba cha chikonga chomata pakhungu. Kwa wosuta zoposa 10 pa tsiku, kawirikawiri amayamba ndi cha 21 mg kwa masabata 6, kenako 14 mg masabata awiri, n'kumalizira 7 mg masabata awiri. Matani m'mawa pa khungu louma lopanda ubweya, pa mkono kapena pachifuwa, ndipo tsiku lililonse musinthe malo kuti pasayabwe. Mukamalota zoopsa, chotsani pogona. Palinso chingamu cha chikonga cha 2 mg ndi 4 mg, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amachitafuna ngati chingamu wamba. Akatero amameza chikonga, n'kuyamba nseru ndi kutentha pa mtima, kenako amati mankhwalawo ndi oipa. Tafunani pang'ono mpaka mumve kuwawa ngati tsabola, chiikeni pakati pa tsaya ndi nkhama, kuwawako kukatha mutafunenso, choncho kwa mphindi 30. Musamwe tiyi, khofi kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi kwa mphindi 15 musanachitafune, chifukwa zimalepheretsa chikonga kulowa m'thupi. Mapiritsi monga varenicline ndi bupropion amafuna chilolezo cha dokotala, ndipo bupropion si wa munthu wodwala khunyu. Mayi woyembekezera asagule chilichonse mwa izi payekha, ayambe wakamba ndi anamwino ku sikelo.

Njira zimene zimaoneka zanzeru koma zosathandiza

Kuchepetsa popanda tsiku lomaliza. Wosuta zitatu m'malo mwa khumi amazikoka mwamphamvu ndi kusunga utsi nthawi yaitali, ndipo ngakhale ndudu imodzi pa tsiku imaonongabe mitsempha ya mtima. Pakapita mwezi amakhala wabwerera pa khumi. Ngati mukufuna kuchepetsa, chitani m'masabata awiri aja, ndipo tsiku losiyiratu lisasunthe.

Kusamukira ku balani poti "ndi wachilengedwe, alibe mankhwala". Tsamba likapsa, utsi wake ndi womwewo. Kusamukira ku nsunko, fodya wa m'mphuno kapena wa m'kamwa, nakonso n'kungosintha khomo lolowera chikonga, ndipo chibaba chimakhalabe chamoyo.

Alimi a fodya ku Chipangali, Chadiza, Lundazi ndi kwina ali ndi vuto lawo lapadera. Chikonga chimalowa pakhungu mukamathyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula, ndipo chimayambitsa chizungulire, nseru ndi kusanza. Valani magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, dikirani mame aume, ndipo zovala zikanyowa musinthe. Tsiku losiya musaliike m'nyengo yothyola ndi yosankha fodya, pamene mumakhala m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dikirani mabelo achoke, ndipo zotsalira zonse, ngakhale zinyenyeswa za pansi, musasunge.

Ndalama muziziona ndi maso. Tinene kuti mushanga ndi K1 ndipo mumasuta khumi pa tsiku: ndi K300 pa mwezi, K3,650 pa chaka. Tsiku lililonse ponyani K10 ya tsikulo m'kachitini kapena pa akaunti ya pa foni imene simuigwiragwira. Pofika nthawi yogula feteleza mudzaona kulemera kwake.

Zimene thupi lichite

Chakudya chimayamba kukoma ndipo njala imakula. Ambiri amanenepa makilogalamu anayi kapena asanu m'chaka choyamba. Musalimbane ndi zonse pa kamodzi, koma vitumbuwa zisalowe m'malo mwa ndudu, ndipo yendani mwandawala mphindi 30 pa tsiku. Kudzimbidwa kumachitika m'masabata oyamba: madzi ambiri, ndiwo zamasamba, papaya. Tizilonda ta m'kamwa timabwera n'kupola tokha.

Chifuwa ndiye chimaopsa anthu. Ena amatsokomola kwambiri atasiya kuposa pamene ankasuta, n'kunena kuti bola kale. Chimene chikuchitika n'chakuti tiubweya ta m'njira za mpweya, timene utsi unatifooketsa, tayambanso kusesa makhololo. Koma musabise chilichonse kumbuyo kwa zimenezi. Chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka ndi thukuta la usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, pitani mukayezetse TB. Osuta amadwala TB kwambiri kuposa osasuta, ndipo amene ali ndi HIV achite changu. Ngati kukhumudwa kwakula mpaka kuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukapirira chaka chimodzi, ngozi ya matenda a mtima imatsika kufika pafupifupi theka la ya wosuta, ndipo pa zaka 10 ngozi ya khansa ya m'mapapo imatsikanso chimodzimodzi.

Mushanga uja umabwera mwezi wachitatu kapena wachisanu ndi chimodzi, pamene mwayamba kudzidalira. Nthawi zambiri ndi pa maliro, usiku pa moto wa azibambo, kukuzizira mu June, wina n'kukutambasulirani dzanja. Yankho likhale lokonzeka kale ndipo likhale lalifupi: "Zikomo achimwene, sindisuta." Musati "ndikuyesa kusiya", chifukwa mawu amenewo amaitana kukakamiza. Sunthani mukakhale kumene utsi sukulowera, kapena kathandizeni kuwaza nkhuni.

Zikachitika kuti mwasuta, musamalize usikuwo ndi paketi poti zaonongeka kale. Tayani yotsalayo, ngati muli pa chigamba musachichotse, imbirani foni munthu amene munamuuza poyamba paja, ndipo m'mawa tengani kapepala kaja mulembe nthawi, malo ndi amene munali naye, pamodzi ndi chimene mudzachite maliro ena akadzagwa.